Funsani Amisiri: Relay Ikamasokosa

Makalata a ulendo uno achokera m'boma la Mangochi, ndipo onse akudandaula za kachipangizo kamodzi: relay, kaswichi kamene kamayatsa ndi kuzimitsa magetsi kakalamulidwa ndi timagetsi tochepa. Mafunso tawafupikitsa. Musanagule kanthu dziwani kuti phokoso la relay lili pawiri. Pali lomveka m'khutu, "tha!" uja wa chitsulo chikamenya chinzake, ndiye pali phokoso la m'mawaya, limene limatulukira m'sipika, m'wailesi, kapena kusokoneza kompyuta yaing'ono. Mankhwala a loyamba nthawi zina amakulitsa lachiwiri.

Ndimakonza magetsi pa malo ena ogona alendo ku Chembe. Ndinaika Arduino, kakompyuta kakang'ono kolamulira zipangizo, ndi marelay a buluu kuti aziyatsa mababu a pakhonde ndi mafani a m'zipinda. Zikugwira ntchito, koma usiku alendo akudzidzimuka ndi "tha! tha!" wa m'denga. Ndigule relay iti yosamveka? — Mmisiri wa magetsi, Chembe

Achimwene, musanatulutse ndalama yang'anani pamene mwamangirira bolodi. Relay ya buluu ija, imene kawirikawiri imalembedwa SRD-05VDC-SL-C, payokha siisokosa kwambiri. Igwireni m'manja muimve. Chimene chimakulitsa mawu ndi thabwa. Bolodi likamangidwa ndi masikuluwu pa siling'i ya pulayiwudi, siling'i yonse imasanduka ng'oma. Lichotseni m'chipinda, lipite ku bokosi la magetsi kapena ku stolo, ndipo pansi pa masikuluwu muike timphira, ngakhale todula ku chubu chakale cha njinga. Nthawi zambiri vuto limathera pomwepo.

Ngati bolodi silingasunthe, muli ndi njira ziwiri. Yoyamba ndi relay ya makontakiti (tizitsulo togundana mkati) yomweyo koma yopangidwa kuti izimenya mofewa, monga Omron G5RL imene nambala yake ili ndi LN. Imamvekabe pang'ono chipinda chikakhala zii. Yachiwiri ndi SSR, relay yopanda chilichonse chosuntha mkati. Kumbali yolamulira kuli kanyali ka LED, kumbali ya magetsi kuli triac, kachipangizo kamene kamayatsa ndi kuzimitsa magetsiwo, ndipo ziwirizi zimalankhulana ndi kuwala basi. Iyi ndiye siimveka n'komwe. Koma kukhala chete kwake kuli ndi mtengo, ndipo ogulitsa sanena.

Mtengo woyamba ndi kutentha. Makontakiti a chitsulo akagundana, voteji yotayika pamenepo ndi yochepetsetsa. Triac imadya pakati pa 1 V ndi 1.5 V nthawi yonse imene yayatsa, ndiye pa 1 A iliyonse muwerengere pafupifupi 1.2 W ya kutentha. Fani ya 60 W pa 230 V imakoka 0.26 A, kutentha kwake n'kosadetsa nkhawa. Giza ya 2,000 W imakoka 8.7 A, kutanthauza kupitirira 10 W m'kabokosi kochepa ngati ka machesi. Popanda heatsink (chitsulo chomwaza kutentha) ya aluminiyamu ndi mafuta ake oyera aja opaka pakati, SSR imeneyo siona Khirisimasi. M'denga la malata kunyanja kuno, mwezi wa Okutobala, ife timaika heatsink katundu akangopitirira 3 A, ngakhale pachikuto palembedwe 25 A.

Wachiwiri ndi kudontha. SSR ikazimitsa siitsekeratu, timagetsi timadutsabe. Omron G3MB-202P, imene ili pa timabolodi tambiri ta Arduino, imanyamula mpaka 2 A, imadontha pafupifupi 1.5 mA, ndipo imafuna katundu wosachepera 0.1 A, amene pa 230 V ndi 23 W. Babu limodzi la LED la 5 W silifika pamenepo. Zotsatira zake mudzaziona usiku: babu lozimitsidwa likuphethira pakapita timasekondi, kapena likuyaka mwa chizimezime ngati khala. Mlendo amene amadandaula za phokoso ayamba kudandaula za kuwala. Mankhwala ake, lumikizani mababu angapo pa SSR imodzi, kapena ikani kapasita ya mtundu wa X2, ya 0.22 µF mpaka 0.47 µF, 275 V AC, pakati pa mawaya awiri a babu. Ikhale X2 ndithu, osati kapasita iliyonse yozula m'wailesi yakufa, chifukwa X2 inapangidwa kuti ikaonongeka isayatse moto. Kudonthaku kukutanthauzanso kuti waya wochokera ku SSR yozimitsa akhoza kukugwirani. Pokonza, tsitsani buleka.

Wachitatu ndi kafedwe kake. SSR ikapsa, kawirikawiri imafa ili yoyatsa. Pa babu palibe vuto. Pa giza kapena chotenthetsera chilichonse pakhale chodulira china chodziimira pachokha, ndi fiyuzi yoyenera.

Pogula, sankhani yolembedwa zero-cross. Magetsi athu ndi a 50 Hz, amadutsa pa ziro ka 100 pa sekondi, ndipo SSR yotere imadikira mphindi imeneyo kuti iyatse, motero siiponya phokoso lambiri m'mawaya. Pa thiransifoma yokha ndiye zero-cross si yabwino, chifukwa kuyatsa pa ziro kumakoketsa karenti yoyambira yaikulu. Chenjezo lina: ma SSR olembedwa Fotek SSR-25DA ndi SSR-40DA achinyengo achuluka pa msika, kunja nambala yaikulu, mkati triac yaing'ono. Ngati mtengo wake ndi wokomera kwambiri, iyeseni ngati ya theka la chimene yalembedwa, mwinanso kuchepera apo.

Kwa inu, mababu a pakhonde asiyeni pa relay ya buluu koma muisunthe. Amayaka kamodzi madzulo n'kuzima kamodzi m'mawa. Mafani, amene akuyaka ndi kuzima usiku wonse motsata kutentha, ndiwo ayenera SSR.

Pa mzikiti wathu tinaika relay yosinthira mamaikolofoni awiri, ina yosinthira masipika a mkati ndi a padenga. Tikasintha, masipika a padenga amati "phuu!" mudzi wonse kumva, makamaka m'bandakucha. Nthawi zina mawu amadukaduka mpaka titamenya bokosi. Tinagwiritsa ntchito marelay a galimoto. — Wosamalira zokuzira mawu, Mpondasi

Bambo, apa pali matenda atatu, ndipo relay ya galimoto ndi gwero la awiri.

Kudukaduka kuja kukuchokera ku makontakiti. Relay ya galimoto ili ndi makontakiti a siliva wosakaniza, opangidwira 30 A kapena 40 A. Siliva amachita kadzimbiri kakuda pamwamba, ndipo pa nyali za galimoto kamoto kamene kamathetheka potseka kamakapsereza. Maikolofoni imatulutsa ma mV ochepa chabe, mphamvu yosatha kuboola kadzimbiriko. Mukamenya bokosi makontakiti amakhulana, mawu n'kubwerera kwa tsiku limodzi. Chofunika pa maikolofoni ndi relay ya siginecha yaing'ono, yomatidwa mosalowa mpweya, ya makontakiti okutidwa ndi golide: Omron G6K, Omron G5V-2 kapena Panasonic TQ2. G6K imagwira bwino kuyambira 10 µA pa 10 mV, ndipo kulira kwake n'kochepa moti bokosi likatsekedwa simuimva. Reed relay, ija ya timawaya tiwiri m'kagalasi, nayonso ndi yabwino pa ntchitoyi, bola musaigundanitse ndi inzake kapena kuiika pafupi ndi maginito a sipika. Koma relay ya golide musaiyese pa babu "kuti tione ngati ikugwira". Kamoto kamodzi kamachotsa golide yense, n'kutsala relay wamba.

"Phuu" uja magwero ake ndi awiri. Loyamba ndi koyilo, waya wokulungidwa mkati mwa relay amene amapanga maginito okoka makontakiti. Koyilo ikazimitsidwa, maginito ake pokomoka amaponya voteji yobwerera imene ikhoza kufika mavoti mazana. Ikani dayodi pa miyendo iwiri ya koyilo, mbali ya mzere iloze ku + : 1N4148 pa relay yaing'ono, 1N4007 pa yaikulu. Mukaitembenuza, mwapanga shoti. Waya wa negetivu wa koyilo apite yekha mpaka ku pawa sapulayi, asadutsire mu shilidi ya waya wa maikolofoni. Relay ya galimoto imakoka pafupifupi 150 mA, ndipo karenti yotere ikadutsa m'njira imodzi ndi mawu, ampulifaya imaikuza ngati mawu. G6K ya 12 V imakoka pafupifupi 9 mA basi. Mukaonjeza rezisita ya 100 Ω pa waya wa + wopita ku koyilo, ndi kapasita ya 100 µF kuchokera pamenepo kupita ku negetivu, kugunda kotsalako kumafewa.

Gwero lachiwiri ndi voteji ya DC yobisala. Zipangizo zomvetsera zimakhala ndi kapasita potulukira mawu, ndipo mwendo wake ukasiyidwa lende umasunga kavoteji. Relay ikalumikiza, kavotejiko kamakhuthukira mu ampulifaya kamodzi n'kamodzi. Ikani rezisita ya 100 kΩ kuchokera pa waya aliyense wa mawu kupita ku graundi, mbali zonse za makontakiti, kuti onse azikhala pa ziro podikira.

Ngakhale mutachita zonsezi, kusinthira pa maikolofoni penipeni ndi malo oipitsitsa, chifukwa mawu a pamenepo amakakuzidwa ka 100 mpaka ka 1,000. Ngati muli ndi mikisa, maikolofoni iliyonse ilowe pa khomo lake, relay ikhale potulukira mikisa. Ngati mulibe, musamadule waya wa maikolofoni imene simukuifuna. Relay izilumikiza mawaya ake awiri a mawu pamodzi. Pa pulagi ya XLR ndi pini 2 ndi pini 3. Maikolofoni ya dynamic imangoti zii popanda kugunda.

Kumbali ya masipika nkhani ndi ina. Ampulifaya ya 100 W pa 8 Ω imatulutsa 28 V ndi 3.5 A, ndiye apa relay yaikulu, ya 10 A kapena 16 A, ndi yoyenera. Ya galimoto ikhoza kukhala, itaikidwa dayodi. Muzitsitsa voliyumu musanasinthe. Ngati "phuu" amabweranso poyatsa ampulifaya, gulani kabolodi koteteza masipika ka uPC1237, kamene kamachedwetsa kulumikiza ndi masekondi angapo ndipo kamadula masipika DC ikatulukira. SSR ya triac pa mawu ayi: imaphwanya mawu, imwani madzi muiwale.

Ndili ndi makina oswetsera mazira opanga ndekha, a mababu ndi kathemositati ka W1209. Kamalira usiku wonse m'nyumba, ndipo kawiri konse relay yake yakakamira, mazira n'kupsa. — Mlimi wa nkhuku, Namwera

Mayi, tiyeni tiwerengere limodzi. W1209 imabwera P1 ili pa 2.0, kutanthauza mpata wa madigiri awiri pakati pa kuyatsa ndi kuzimitsa. Mazira a nkhuku amafuna pafupi ndi 37.5 °C, ndiye ambiri amatsitsa P1 kufika 0.1, relay n'kumalira mosalekeza. Titi ikuyatsa kamodzi pa masekondi 30 alionse. Pa tsiku ndi ka 2,880, pa masiku 21 ndi ka 60,480. Marelay otere amalonjezedwa maulendo pafupifupi 100,000 atanyamula katundu wodzaza. Mukuona kuti ulendo wachiwiri wa mazira ukhoza kuthera panjira. Mababu a waya woyaka amaonjeza vuto: akazizira amakoka karenti yoposa ka 10 ya nthawi zonse pa kamphindi koyamba, ndipo ndi imeneyo imawotcherera makontakiti pamodzi.

Yambani ndi kuika P1 pa 0.3 kapena 0.4, ndi kuika mabotolo awiri a madzi otseka bwino m'makinamo kuti kutentha kusamakwere ndi kutsika msanga. Kenako mmisiri achotse relay pa bolodi. Mabowo awiri amene munali miyendo ya koyilo amatulutsa 12 V themositati ikafuna kutenthetsa. Ayeze ndi mita kuti adziwe wa + ndi wa −.

Ngati mababu anu ndi a 230 V, mabowo amenewo alowe pa miyendo 3 ndi 4 ya SSR yolembedwa DA, yodula magetsi a AC, imene imalandira 3 V mpaka 32 V, + ku 3. Miyendo 1 ndi 2 idule waya wa moto wopita ku mababu. Mababu awiri a 60 W ndi theka la 1 A, heatsink yosafunika. Ngati ndi mababu a galimoto a 12 V, monga awiri a 21 W amene amakoka 3.5 A, SSR ya DA siigwira. Ikani MOSFET (kaswichi ka DC kopanda chosuntha) ya IRF4905, miyendo yake itatu motere: source ku + ya batire, drain ku mababu, gate ku bowo la − lija, ndi rezisita ya 10 kΩ pakati pa gate ndi source. Kutentha kwake pa 3.5 A sikufika theka la wati.

Musaiwale kuti SSR ndi MOSFET nazo zimafa zili zoyatsa. Pa waya wa mababu muikepo kachodulira ka KSD301 ka 40 °C, ka mtundu wokhala kotseka, kamangidwe pa mulingo wa mazira osati pafupi ndi babu. Ku Namwera n'kozizirirapo, koma anzanu a ku chigwa, cha ku boma ndi ku Malombe, adziwe kuti masana a Novembala m'nyumba ya malata kutentha kumatha kupitirira 37.5 °C mababu ali chizimire. Pamenepo relay ilibe mlandu. Makina asamukire pa mthunzi podutsa mphepo.

Ndikufuna kuyatsa ndi kuzimitsa nyali za LED za usipa ndi rimoti, pa batire la 12 V. Ndinagula SSR-25DA. Imayatsa koma siizimitsa. Yafa? — Siginala, Makanjira

Siinafe, achimwene, mwangoipatsa ntchito ya mwini wake. Zilembo DA zikutanthauza kuti imalamulidwa ndi DC koma imadula AC. Triac ikayatsa imadikira karenti itsike kufika pa ziro kuti izime, ndipo batire silidutsa pa ziro. Yofunika ndi yolembedwa DD, yodula DC, kapena MOSFET, imene ndi yotchipa koposa.

Tengani IRLZ44N. Source ku − ya batire, drain ku − ya nyali, + ya nyali ku batire kudzera pa fiyuzi yoikidwa pafupi ndi batirelo. Gate ilandire 5 V kapena 12 V kudzera mu rezisita ya 100 Ω, ndipo pakati pa gate ndi source pakhale 10 kΩ kuti nyali zisamadziyatse zokha ndi chinyezi. Nyali za 60 W zimakoka 5 A, fiyuzi ya 7.5 A, ndipo MOSFET imataya 0.6 W yokha. Kachidutswa ka aluminiyamu n'kokwanira, koma kasagunde waya wina chifukwa msana wa MOSFET ndi drain. Onetsetsani chilembo L. IRFZ44N amafanana nkhope, koma imafuna 10 V pa gate. Pa 5 V imatseguka theka n'kutentha ngati mbaula. Zonse zilowe m'bokosi losalowa madzi, mabowo a mawaya aloze pansi.

A sola amve pano: pa relay ya buluu palembedwa 10 A 250 V AC ndi 10 A 30 V DC. Kusiyanako si kulakwitsa polemba. Moto wa DC ukathetheka pakati pa makontakiti suzima wokha. Pa 48 V, kapena pa mapanelo olumikizidwa mondondozana, relay imeneyo imasungunuka ndi karenti yochepa kwambiri.

Madzulo batire la sola likayamba kutsika, relay ya chodulira chimene ndinapanga imalira "krrrr" ndipo mababu amaphethira. Kontakita (relay yaikulu yoyatsira mota) ya pa chigayo chathu nayo imang'ung'udza. Vuto ndi limodzi? — Wowerenga, Malindi

Ayi bambo, ndi awiri osiyana.

Pa sola vuto lili m'chodulira. Batire likatsika kufika, tinene, 11.5 V, chodulira chimazimitsa mababu. Katundu akachoka batire limapuma, voteji imakwera kupitirira 12 V, chodulira chimayesa kwacha n'kuyatsanso, voteji imagwanso. Zimenezi zikachitika kambirimbiri pa sekondi ndiye "krrrr" uja, ndipo makontakiti amapsa m'masiku ochepa. Kuika SSR kapena MOSFET kungobisa phokoso, kuphethira kukhalapobe. Chofunika ndi mpata: chidule pa 11.6 V, chisayatsenso mpaka 12.8 V, pamene dzuwa layamba kutchaja. Ngati munapanga ndi kachipu ka LM358 kapena LM393, mpatawu umabwera ndi rezisita yochokera potulukira kubwerera ku mwendo wa + wolowera. Yambani ndi yaikulu, ngati 470 kΩ, muzichepetsa uku mukuyeza ndi mita. Kapasita ya 10 µF poyezera voteji imathandiza kuti kugwa kwa kamphindi, monga poyatsa TV, kusadule magetsi.

Kutentha nako kumalowererapo. Relay ya 12 V imalonjezedwa kukoka pa 75% ya voteji yake, ndiye 9 V, koma koyilo ili yozizira. Waya wa kopa amaonjeza kukana kwake ndi pafupifupi 0.4% pa digiri iliyonse. Koyilo ikafika 70 °C m'bokosi lotseka, 9 V ija yasanduka pafupifupi 10.6 V. Onjezani waya woonda wautali, relay imakoka mozengereza, makontakiti osakanikizana bwino.

Ngati ili relay ya galimoto, ikukuberaninso: 150 mA kwa maola 24 ndi 3.6 Ah tsiku lililonse, pa batire la 50 Ah limene simuyenera kulikama kupitirira theka. Latching relay imathetsa zimenezi. Imafuna kamphamvu ka kamphindi, ma ms makumi angapo, n'kukhala pomwepo ndi maginito ake popanda kudya kanthu. Imaliratu "tha" posintha ngati zinzake, ndipo magetsi akathima imatsala mmene inaliri, choncho chodulira chanu chiziibwezera pa malo odziwika poyamba.

Kontakita ya pa chigayo ili ndi koyilo ya AC, imene kukoka kwake kumafooka ka 100 pa sekondi. Pa nkhope ya chitsulo chake pali kamphete ka kopa kogwiriziza pa mphindi zimenezo. Kampheteko kakathyoka, kapena pakalowa ufa, dzimbiri, nyerere kaya nkhungu za m'nyanja, zitsulo sizigundana bwino ndipo zimanjenjemera. Zimitsani magetsi onse, masulani, pukutani nkhope ziwirizo ndi nsalu youma. Osapala ndi fayilo, osathira mafuta. Yezaninso voteji pa A1 ndi A2, miyendo ya koyilo, chigayo chikuyenda: ikatsika pansi pa 85% ya yolembedwa, pafupifupi 195 V pa koyilo ya 230 V, kontakita yabwinobwino nayo imalira, ndipo mota ili pa ngozi yoposa kontakitayo.

Pampu ya 230 V, ya 370 W, ikazima kudzera pa relay, Arduino yanga imayambiranso ndipo wailesi imathetheka. Dayodi pa koyilo ilipo kale. — Wophunzira za magetsi, Monkey Bay

Dayodi yanu ikuteteza mbali ya koyilo, koma phokosoli likuchokera ku makontakiti. Mota nayo ndi koyilo yaikulu. Mukaidula, moto umathetheka pa makontakiti n'kuwulutsa phokoso ngati kawailesi. Ikani snubber: rezisita ya 100 Ω, 2 W, yolumikizidwa mondondozana ndi kapasita ya X2 ya 100 nF, ziwirizi zikhale pakati pa mawaya awiri a pampu. Pambali pake muike varistor (yomeza voteji yodumpha mwadzidzidzi) ya 275 V AC, monga 14D431K.

Kenako onani bolodi la relay. Ambiri ali ndi kajampa kolembedwa JD-VCC. Kakakhalapo, koyilo imadya 5 V yomweyo ya Arduino, pafupifupi 70 mA pa relay iliyonse, ndipo optocoupler ya pa bolodi, yolekanitsa Arduino ndi koyilo, imangokhala chokongoletsa. Chotsani kajampako, JD-VCC ndi GND ya bolodi zipatseni chaja yakeyake ya 5 V, ndipo kuchokera ku Arduino kupite VCC ndi IN basi. Pa miyendo ya 5 V ya Arduino muike 470 µF ndi 100 nF. Mawaya a 230 V asayende mtolo umodzi ndi a masensa. Akafuna kudutsana apingasane.

Komanso 10 A ya pa relay ija ndi ya katundu wofatsa ngati hita. Mota poyamba imakoka ka 5 mpaka ka 7 kuposa poyenda. Pa pampu yoyaka kangapo pa tsiku, relay ya buluu izingoyatsa koyilo ya kontakita, snubber ina ikhale pa A1 ndi A2, kontakitayo ndiyo inyamule pampu.

Ndingaikulunge relay ndi siponji, kapena kuithira silikoni, kuti isamveke? — Wowerenga, Chiponde

Siponji imatidwe ku makoma a bokosi, osati pa relay. Koyilo ya relay ya buluu imatulutsa 0.36 W nthawi yonse imene yakoka, makontakiti naonso amatentha, ndipo siponji wamba imayaka. Silikoni ndiye ayi. Wonunkha ngati viniga uja amadya kopa wa pa bolodi, ndipo nthunzi ya silikoni aliyense ikalowa mu relay, moto wa pa makontakiti umaisandutsa kamchenga kosadutsa magetsi. Relay imalira bwinobwino koma babu osayaka. Guluu wa mfuti amafewa ndi kutentha kwa m'denga n'kumatuka. Bokosi la pulasitiki yochindikala, timphira pansi pa bolodi, ndi mpata wa chala chimodzi pakati pa relay ndi siponji, n'zokwanira.